Ndinati Ndaiona ndi Maso Anga

1

Ine ndine Fainess, mphunzitsi wa sitandade 5, kwathu ndi ku Ntcheu. Boma linanditumiza ku Kaporo, m'boma la Karonga, ndili mtsikana wongotuluka kumene ku koleji, ndipo kumeneko ndinakwatiwa ndi Gideon. Nkhaniyi ndikuilemba osalira. Misozi inauma kalekale, ndiye ngati mukufuna nkhani ya mayi wogubuduzika pansi, pepani, tsegulani tsamba lina.

Choyamba mudziwe mwambo wa pakhomo pamene ndinakwatiwapo, chifukwa popanda umenewo simundimva. Kwa Ankhonde, mtengwa sayang'anana ndi apongozi ake aamuna. Salankhulana, sakhala malo amodzi, ndipo dzina lawo salitchula. Mabanja ambiri anazisiya zimenezi, koma pakhomo pathu ayi. Ndikakumana nawo pa njira ya kumunda ndinkapatukira m'nthochi, n'kudziphimba kumutu ndi chitenje mpaka adutse. Akafuna kundiuza kanthu ankauza amama, apongozi anga aakazi, amama n'kudzandiuza ine kukhitchini. Yankho langa linkayendanso njira yomweyo.

Poyamba zinkandinyansa.

"Munthu ndili ndi satifiketi yanga, ndizibisala m'nthochi ngati wakuba?"

"Ndi ulemu umenewo," anatero Gideon. "Tsiku limene adada adzakuyang'ane kumaso, udzadziwe kuti pakhomo pano wasanduka mlendo."

Gideon ndi mwamuna wosamenya, wosamwa, komanso wosalankhula. Amagula mpunga kwa alimi n'kukagulitsa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ankabwera kunyumba masiku atatu, n'kusowa milungu iwiri. Anthu akasonkhana pabwalo nkhani zonse zinkakhala m'Chinkhonde, ine n'kumangotola mawu awiri atatu ngati nkhuku. Pakhomo ponsepo munthu amene ankakhala pansi n'kucheza nane anali mmodzi yekha, mlamu wanga Ambokile, mng'ono wake wa Gideon.

"Alamu, lero ana mwawakwapula angati? Kapena akukwapulani ndi iwowo?"

Ndi amene anandiphunzitsa kumwa chambiko, mkaka wosasa uja, osakwinya nkhope. Mwana wanga Comfort atadwala malungo bambo ake kulibe, ndi amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala, madzi a mvula akufika m'mawondo. Muzimukumbukira choncho Ambokile pamene mukuwerenga zimene ndinamuchita.

2

Ambokile anali pa chibwenzi ndi Yunike, mtsikana wa kwaya wa mudzi woyandikana nafe. Kwawo kwa Yunike anapereka nthawi: ng'ombe za malowolo ziyambe kulowa m'khola mwawo mpunga ukakololedwa. Apongozi anga anali atamusungira ziwiri, yakuda ndi ina ya nyanga yothyoka.

Koma Ambokile anali ndi nzeru ina.

"Ziwiri zokha sizikwana. Tigulitse, ndigule njinga yamoto. Ndikamayendetsa kabaza kuchokera pano kukafika ku Songwe, chaka chisanathe ng'ombe zonse ndagula ndekha."

Anawanyengerera bambo ake miyezi itatu. Mu Malichi ng'ombe zinagulitsidwa, khola n'kutsala pululu.

Tsiku lina akundithandiza kutunga madzi, ndinamuuza ngati zongocheza: "Bwanji osayang'ana pa gulu la zogulitsa lija la pa Fesibuku? Anthu amaikapo njinga." Madzulo ake anabwera akuthamanga, foni ili m'mwamba.

"Ndaipeza! Ndaipeza ndekha!"

Inali yofiira, yonyezimira, matayala atsopano. Mtengo wake unali wotsika moti aliyense woganiza akanadzifunsa kawiri. Wogulitsayo anati dzina lake ndi Anthony, mlangizi wa zaulimi ku sikimu ya mpunga ya Wovwe, ndipo akugulitsa mofulumira chifukwa amusamutsira ku Zomba.

Ambokile anamuimbira, foni n'kuikweza kuti tonse timve. Gideon analipo tsiku limenelo.

"Mphwanga Ambokile!" mawu a munthuyo anali ofewa ngati a m'busa. "Ng'ombe ya nyanga yothyoka ija anakuberani mtengo, inali yonenepa. Nanga a Yunike ali bwanji?"

Ambokile anadabwa. "Mwadziwa bwanji zimenezi, bwana?"

"Aaa, Karonga ndi yaing'ono."

Onse anaseka. Ine ndinali kupeta mpunga, sindinadzutse mutu.

Apongozi anga aamuna si munthu wopusitsika pa za makina. Anagwira ntchito zaka zisanu mu galaja ya ku mgodi wa Kayelekera. Atamva za njingayo analamula kuti ndalama isatuluke munthu wa pakhomo asanaigwire ndi manja. Anatinso Ambokile asapite, chifukwa waikonda kale, ngakhale atamuonetsa wilibala yopentedwa adzati ndi yomweyo. Iwo eni miyendo inali itatupa. Gideon anali kunyamuka mmawa wake ndi lole ya mpunga.

"Ndipita ine," ndinatero. "Sukulu tatsekera, komanso mapepala ndi a Chingerezi."

Ndinayankha msanga kwambiri, koma palibe anazindikira.

Amama anabwera kukhitchini ndi malangizo atatu, akuwerenga pa zala kuti asaiwale.

"Adada anu akuti, injini muigwire asanailize, ikhale yozizira. Akuti nambala imene anaidinda pa chitsulo cha njingayo muipapase ndi chala, muifanizire ndi ya m'bulubuku. Akutinso muone chiphaso cha mwini wake ndi nyumba imene amagona."

"Kawauzeni kuti ndamva, amama."

3

Lachinayi mmawa ndinavala diresi yanga yobiriwira, ija ndinkaisungira maukwati. Ambokile anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Iii alamu, mukukaona njinga kapena mukukafunsiridwa?"

"Usandisokose iwe. Munthu akapita kwa alendo amavala."

Ndinakwera minibasi ya seveni koloko. Ndinabwerera cha m'ma folo. Zimene zinachitika pakati pa maola amenewo ndikuuzani, koma osati pano.

Nditafika ndinapeza Ambokile ali pa mlambe wa pamsewu pomwe ndinamusiya, ngati sanachokepo.

"Ilipo?"

"Ilipo."

"Mwaiona?"

"Ndaiona ndi maso anga."

Analumpha, nandigwira manja onse awiri. "Ndaga, alamu, ndaga!" Kumeneko ndi kuthokoza kwa kwawoko.

Ndinakhala kukhitchini, amama n'kuyamba kuyenda pakati pa ine ndi khonde pamene panali apongozi. Injini? Inali yozizira, inalira kamodzi kokha. Nambala? Zikufanana, zithunzi zake ndi izi mufonimu. Chiphaso? Ndachiona, chithunzi chake ichi. Nyumba? Pamenepo ndinati munthuyo katundu wamanga kale, ndiye tinakumana pamsewu pafupi ndi chigayo. Ndinaonjezanso mawu amene palibe anandifunsa, kuti nkhani ikome:

"Ndi munthu wabwino. Akuti Ambokile amamudziwa bwino."

Amama anapita, anakhalitsako pang'ono, n'kubwerera. Ndinaona ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Mwatopa, mwanangu. Idyani."

Nthawi yomweyo foni ya Ambokile inalira. Anali Anthony. Anati kwabwera munthu wa ku Chilumba ndi ndalama m'manja, ndipo iye sangadikire. Ngati tikuifuna titumize lero lomwe, mawa mmawa aiyendetsa yekha mpaka pakhomo pathu.

Apongozi anakana kaye. Ambokile anagwada. "Adada, alamu aiona. Aigwira. Mukufunanso chiyani?"

Ndinapita naye kwa ejenti pa sitolo. Atalemba nambala, pafoni panatuluka dzina la mzimayi.

"Ameneyu si Anthony," anatero ejenti, mayi wachikulire wovala magalasi.

Ambokile anaimba. Anthony anaseka. "Ndi ya akazi anga, yanga yadzaza."

Ejenti uja anatiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ana inu, njingayo mwaiona? Anthu akulira tsiku ndi tsiku pa benchi pomwepa."

"Alamu anga aiona," anatero Ambokile monyadira. "Ndi aphunzitsi."

Mayiyo anayang'ana ine. Ndinagwedeza mutu. Ng'ombe ziwiri zinalowa mufoni ine ndikuona.

4

Lachisanu Ambokile anadzuka kusanache. Pambali pa khola anali atamanga kale kachisakasa ka malata atatu koti njinga izigonamo. Anasesamo, chipewa cha njinga chimene anagula ku Songwe n'kuchikoleka pa msomali. Yunike anabwera ndi poto wa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, kuti mlendo akafika adye.

Naini koloko Anthony anati ali pa Mlare, tayala laphwa. Leveni koloko anati ali pa boma, akuthira mafuta. Wani koloko foni inangoitana. Thuu koloko inasiya ndi kuitana komwe. Pa Fesibuku chithunzi cha njinga chinali chitachotsedwa, dzina lake losapezekanso.

Mbalagha ija inazizira m'poto. Palibe anaikhudza, mpaka amama anapatsa ana a oyandikana nawo.

Lolemba Gideon anabwerera, tinapita ku Wovwe atatu, iye, Ambokile ndi ine. Ku ofesi ya sikimu anati mlangizi wa dzina limenelo sanakhaleko. Gideon anandifunsa kuti chigayo chake ndi chiti. Zigayo za mpunga kumeneko n'zambiri. Ndinaloza chimodzi. Wa pachigayo anati anthu a njinga amaima pamenepo tsiku lonse, iye sawawerenga.

Kupolisi, wapolisi anayang'ana zithunzizo n'kupumira m'mwamba.

"Njinga imeneyi yagulitsidwa kale kanayi mwezi uno. Chiphasochi ndi cha munthu amene anachitaya chaka chatha. Koma enawo anangotumiza osaiona. Inu mayi ndinu oyamba kukumana naye. Ndi wooneka bwanji?"

"Wamtali. Woyera pang'ono. Ali ndi ndevu."

Analemba. Ine ndinasayina. Ndinkadziona ngati ndaima pakona ya chipindacho n'kumaonerera mayi wina wa diresi ya maluwa akunama. Sindinamve mantha, sindinamve chisoni, sindinamve chilichonse.

Pobwerera mu minibasi tinafika pa mtsinje wa Rukuru. Pamenepo Gideon anatembenukira mng'ono wake.

"Za nyanga yothyoka anazidziwa bwanji?"

5

Mlandu unakhala pakhonde la apongozi Loweruka masana. Kunabwera abale awiri a apongoziwo ndi mkulu wa mpingo. Ine, mboni yaikulu, sindikanatha kukhala pamenepo. Ndinali kuseri kwa nyumba pa mtondo, ndikumva zonse kudzera pa zenera. Ankalankhula Chinkhonde, koma mkwiyo sufuna womasulira.

Gideon anayala nkhani yake ngati akuyala matumba. Munthuyo ankadziwa ng'ombe, ankadziwa mtengo, ankadziwa dzina la Yunike. Ndiye kuti wina wa pakhomo pano ankamuuza. Amene anakakamira kugulitsa ng'ombe ndani? Amene anaipeza njingayo ndani? Amene anagwada kuti ndalama ipite tsiku lomwelo, ku nambala ya mzimayi, ndani? Ndipo munthuyo anauza mayi a Comfort kuti Ambokile amamudziwa bwino.

"Sindimudziwa!" Ambokile anakuwa. "Mulungu andilange, sindinamuonepo!"

"Ndiye kuti alamu ako akunama?" anafunsa Gideon.



Amama anabwera kuseri. "Akuti mubwereze. Anati amamudziwa Ambokile?"

"Anatero, amama."

Anapita nawo mawuwo. Paja amati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndinali mphunzitsi, mlembi wa amayi a mvano, mtengwa amene apongozi ake sangamuyang'ane m'maso n'kumufunsa kachiwiri. Ndani akanandigenda?

Anthu atabalalika Ambokile anandipeza pa mjigo. Maso ake anali ofiira koma sanakweze mawu.

"Alamu, mwina munamva molakwika. Mwina anati amandidziwa pa foni. Tangokumbukirani bwino."

"Ndanena zimene ndinamva."

"Gulu lija la pa Fesibuku munandiuza ndinu."

"Ndiye ukufuna kunena kuti wakuba ndine?"

"Ayi, alamu. Inu ayi." Kenako ananyamula ndowa yanga, monga ankachitira masiku onse, n'kukaitula pakhomo panga.

Nkhani ya m'mudzi imathamanga kuposa njinga. Sabata isanathe amalume ake a Yunike anafika n'kunena kuti mwana wawo sangapite kwa munthu wobera bambo ake omubereka. Kutchalitchi Ambokile akakhala pa benchi, anthu ankasendera. Anyamata a kabaza akamuona ankaliza mabelu n'kumakuwa, "Bwana, yofiira ija ili kuti?" Apongozi sanamuthamangitse. Anangosiya kudya naye mbale imodzi.

Mmawa wina mu Epulo tinapeza chitseko cha nyumba yake chili chotsegula. Anatenga zovala zokha. Chipewa chija anachisiya pa msomali m'kachisakasa.

6

Tsopano ndikuuzeni za Lachinayi lija.

Anthony sindinayambe kumudziwa pa nkhani ya njinga. Ndinali nditacheza naye miyezi isanu. Anayamba ndi kuyamikira chithunzi changa cha pa tsiku la aphunzitsi. Kenako moni wa mmawa. Kenako, "Mwadya chiyani lero, madamu?" Abale, musaseke. Pa zaka zisanu ndi chimodzi za ukwati palibe mwamuna anandifunsapo kuti ndadya chiyani.

Ankalemba Chichewa cha kwathu, chopanda kuzungulira lilime. Anati naye ndi mlendo kuno kumpoto, akudziwa kuwawa kwake kokhala pakati pa anthu oseka nthabwala zimene iwe sukuzimva. Sanandipemphepo ndalama ngakhale ya mayunitsi. Ankangofunsa, ine n'kumayankha. Za Gideon, za mwambo wa m'nthochi, za Yunike, za ng'ombe, za nyanga yothyoka, za tsiku limene ogula abwere. Wa pakhomo amene ankamuuza zonse uja ndinali ine.

Ng'ombe zitagulitsidwa anati, "Mwayi wake! Ine ndikugulitsa yanga. Koma musanene kuti timadziwana, anthu angatiganizire zoipa. Mungomuuza ayang'ane pa gulu." Ndinaona ngati ndikuthandiza anthu awiri amene ndinkawakonda.

Nkhope yake ndinkaidziwa ya pa chithunzi basi. Ndikati tiimbirane ya vidiyo ankati kamera inasweka. Ndiye pamene mpata wopita ku Wovwe unapezeka, mtima wanga sunali pa injini.

Ndili mu minibasi analemba kuti ndisafike ku Wovwe, kuli maso ambiri. Nditsike pa boma, iye abwera ndi njingayo, tikadye limodzi. Ndinatsika pa depoti ya Karonga. Ndinakhala pa benchi ya lesitilanti ina moyang'ana msewu, n'kugula fanta.

Teni koloko anati bwana wake wamuitana. Thwelofu anati akunyamuka. Fanta yachiwiri. Mtsikana wogulitsa anayamba kundiyang'ana mwachisoni, diresi yobiriwira itamatirira kumsana ndi thukuta. Njinga yofiira iliyonse ikadutsa ndinkaimirira. Thuu koloko anaimba, mawu ali ngati alira. Anati apolisi a pamsewu amugwira chifukwa waiwala laisensi, sangafike. Ananditumizira zithunzi za nambala, za bulubuku, za chiphaso, ndi kavidiyo ka injini ikulira.

"Fainess, ukanena kuti sunafike ku Wovwe adzakufunsa kuti unali kuti tsiku lonse. Ungonena kuti waiona. Si bodza lenileni, njingayo ilipo. Mawa ndibwera nayo ndekha, ndidzakuone ngakhale patali."

Ndinaganiza za minibasi ya ku Wovwe. Nthawi inalipo yoti n'kupita, kufunsa ku ofesi ya sikimu, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Funso limodzi lokha kwa mlonda wa pageti likanapulumutsa ng'ombe ziwiri. Sindinapite. Sindinkafuna kumva yankho lake.

Wamtali, woyera pang'ono, wandevu: ndinafotokozera wapolisi chithunzi cha munthu amene mwina sadziwa n'komwe kuti nkhope yake ikugwira ntchito yotani. Sindinachite chigololo. Munthuyo sindinamugwire ngakhale dzanja. Ndinagulitsa mlamu wanga chifukwa cha fanta ziwiri ndi benchi.

7

Ndinakhala nacho chinsinsicho miyezi isanu. Ndinkaphunzitsa, ndinkaphika, ndinkalemba maminitsi a mvano. Chakudya chinalibe kukoma, koma ndinkadya. Mu Ogasiti Yunike anakwatiwa ndi mwini sitolo wa ku Songwe. Kwaya yathu inaimba, ine ndinaimba nawo alto.

Mawa lake ndinali kupeta mpunga ndi amama. Anali ataonda, chitenje chikuzungulira kawiri. Mwadzidzidzi anaika lichero pansi.

"Mayi a Comfort, ine ndili ndi tchimo."

"Tchimo lanji, amama?"

"Tsiku munachokera ku Wovwe lija, adada anu anandituma funso lina. Sindinabwere nalo. Tsiku la mlandu ananditumanso. Ambokile atachoka ananditumanso kachitatu. Nthawi zonse ndinkabwerera n'kuwauza kuti mwayankha bwino."

"Funso lanji?"

"Akuti, nambala ija ili pati pa njingapo? Munaiwerenga mutaima kapena mutagwada? Akuti malo amenewo amakhala ndi girisi ndi fumbi, munthu sangaipapase chala osada, ndiye ndikayang'ane chala chanu ndi diresi yanu." Anapukuta maso. "Ine ndinaona diresi yanu ili mbee, ngati mukuchokera ku ukwati. Koma ndinati, mwana wa eni wachokera kutali, watithandiza, ndikamufunse ngati wakuba? Ndinaona ngati n'kukunyozani. Tsopano mwana wanga sindikudziwa kumene akugona."

Ndinayang'ana zala zanga. Mayi wokalambayu ankadziimba mlandu chifukwa chondilemekeza ine.

Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangotopa. Ndinaimirira, chitenje cha kumutu n'kuchisiya pa mphasa, ndi kuzungulira nyumba kupita kukhonde.

"Mayi a Comfort! Kumeneko kuli adada anu!" amama anakuwa.

Apongozi anali pa mpando wawo wa ndalema, akumasula pampu yopopera mankhwala. Gideon anali pambali akusoka thumba. Atamva mapazi anga, apongozi anatembenuzira nkhope kukhoma monga mwa mwambo. Ndinagwada pa simenti.

"Ku Wovwe sindinafike. Njinga sindinaione. Munthuyo anali chibwenzi changa cha pafoni, za pakhomo pano ndinkamuuza ndine. Ambokile sanabe."

Ndinafotokoza zonse, mpaka fanta. Mawu ankatuluka ngati ndikuitana mayina m'kalasi. Gideon anasiya singano ili m'thumba. Amama anakhala pansi pa fumbi, manja ali kumutu.

Apongozi anaika sipanala pansi pang'onopang'ono. Kenako anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba ndinaona nkhope yawo pafupi. Diso lakumanzere linali ndi ng'ala, ndipo anali ndi mpata pa mano ngati wa Ambokile. Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Fainess," anatero m'Chichewa.

Sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa amalidziwa.

"Fainess, ng'ombe zimagulidwa. Mwana wanga ali kuti?"

Anatolanso sipanala yawo. Nkhope sanaitembenuzirenso kukhoma, panalibenso chifukwa.

8

Palibe anandimenya, palibe anandiponyera katundu panja. Gideon anangobwereka ngolo n'kunditulira zinthu zanga ku nyumba ya aphunzitsi kusukulu. Comfort anatsala. Ng'ombe za malowolo anga zinapita ku Ntcheu kalekale, mwana ndi wa kwa bambo ake. Ndimamuona pa asembule, ali mu sitandade 1, amandipatsa moni ngati ana ena onse: "Mwadzuka bwanji, madamu."

Gideon anamusaka mng'ono wake miyezi iwiri. Anamupeza kutsidya kwa Songwe, ku Kyela, akusenza matumba a simenti. Anamuuza zonse, anapepesa, anati adada akukuitana. Akuti Ambokile anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa chinthu chimodzi chokha.

"Yunike anakwatiwa?"

Atamva yankho anati, "Ndamva," n'kubwerera ku matumba ake. Mpaka lero sanabwere.

Wakubayo sanagwidwe. Mwina pamene mukuwerenga pano akufunsa mayi wina kuti wadya chiyani.

Inu owerenga, ine si woyenera kulangiza munthu, koma zimene ndinalipira modula ndikupatsani ulere. Malangizo atatu a apongozi anga aja anali okwana. Njinga ya pa foni si njinga mpaka mutaigwira injini, mutadetsa chala pa nambala yake, mutaona mwini wake ataima pakhomo pake ndi chiphaso m'manja. Chithunzi aliyense angatumize. Mtengo ukatsika kwambiri, wogulitsa akayamba za "wina wabwera ndi ndalama, tumizani lero," dzina la pafoni likasiyana ndi lake, bwezani ndalama m'thumba muzipita kwanu. Ndipo mlendo akadziwa za m'khola mwanu, musaseke kuti dziko ndi laling'ono. Funsani kuti wamuuza ndani.

Koma chachikulu ndi ichi. Banja lija silinapusitsidwe ndi wakuba. Iwo anamukayikira wakubayo, anachita zonse zoyenera, anatuma munthu. Anapusitsidwa ndi ine, amene ankandikhulupirira mpaka kuopa kundifunsa. Mukatuma munthu kukaona chinthu, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya ndi mtengwa amene mumamupatsa ulemu wonse, mufunseni mafunso onse, ndipo mumuyang'ane chala. Nanunso mukatumidwa n'kulephera kufika, nenani kuti sindinafike. Manyazi a tsiku limodzi sakanandipha.

Apongozi anga ndimakumana nawo Lamlungu pa njira ya kutchalitchi, akuyenda ndi ndodo. Miyendo yanga imafunabe kupatukira m'nthochi, dzanja limafunabe chitenje. Iwo amaima, amandiyang'ana kumaso, n'kunena mwaulemu ngati kwa mlendo aliyense wa boma:

"Mwadzuka bwanji, a Fainess?"

Ndimayankha kuti ndadzuka bwino.